Zimene Keziah Anauza Bambo Garland

Lamulo loyamba pa nyumba ya atsikana ya Dona Ashcombe ku Peckham linali loti zakale sizikambidwa. Mtsikana akangolowa pageti, kaya wachokera kundende kaya mumsewu, ankamutengera m'kachipinda kakutsogolo, kumukhazika moyang'anizana ndi Bambo Septimus Garland, ndipo ankawauza zonse kamodzi kokha. Bambowo ankalemba m'buku lachikuto chakuda n'kulikiyira m'kabati. Kuyambira pamenepo, pakamwa tseke. Wopezeka akufotokozera mnzake zakale ankabwezedwa kumene anachokera. Ngakhale Mayi Pegler, amene ankayang'anira nyumbayo, sankadziwa kuti uyu anachita chiyani, uyo anagwidwira kuti.

Bambo Garland anali mlembi wa mabuku, ndipo mu London monse panalibe wosadziwa dzina lawo. Dona Ashcombe anali ndi chuma cha migodi ya malasha chimene bambo awo anawasiyira, komanso mtima wofuna kuthandiza. Chimene analibe ndi miyendo yolowera m'makwalala onunkha, choncho miyendo yawo inali Bambo Garland. Ndi iwo ankayendera ndende kukasankha atsikana. Ndi iwonso anasankha nyumbayo, makatani ake, mpaka mtundu wa nsalu za madiresi, poti ankati munthu ukamuveka zotuwa mtima wake umatuwanso. Sankalandirapo kanthu. Ndinene chilungamo, bambo amenewa sanali oipa mtima, ndipo atsikana ambiri amene ali pabanja ku Australia lero akanafera pansi pa milatho pakanapanda iwo. Koma mlembi ukamamulirira, khutu lina limakumvera chisoni, linalo likutola.

Keziah Tulk anali atakhala panyumbapo miyezi khumi ndi umodzi, ndipo kunali kutatsala masabata atatu kuti akwere chombo cha ku Australia pamodzi ndi anzake awiri. Tsiku limene anafika, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mutu uli wometedwa ndi a kundende, anawauza Bambo Garland zonse osasiyako. Anapempha chinthu chimodzi chokha: amayi ake asadzamve. Amayi akewo, kwawo ku Bermondsey, ankadziwa kuti mwana wawo akugwira ntchito kukhitchini kwa dokotala wina ku Brighton. Bambo Garland anamugwira dzanja n'kumuuza kuti zimene zalowa m'buku lakudalo sizitulukamo.

Masana aliwonse atsikana khumi ndi atatu ankakhala m'chipinda chosokera, Mayi Pegler n'kumawawerengera. Masiku ambiri ankawerenga timabuku ta malangizo toti munthu ukhoza kugona singano ili m'manja. Koma Bambo Garland ankatulutsa buku lawo latsopano mwa zigawozigawo, gawo limodzi pamwezi, ndipo ankatumiza kabuku kamodzi kunyumbako ngati mphatso. Lachisanu limenelo kunabwera gawo lachitatu.

"Lero tiona ngati mkulu wa mphuno uja wakwatira," anatero Rhoda Stubbs, amene pakamwa pake sipankapoa. "Akakanidwanso ndimutenga ine. Mphuno sindiyo imagula malasha."

"Iwe angakuyang'ane? Nkhope ngati mbatata yogwa m'dengu," anatero wina.

"Mbatata imadyedwa, mayi. Iwe ndi ndani anakulawapo n'kubweranso?"

"Rhoda, pakamwapo," anatero Mayi Pegler akukonza magalasi. "Ukangowonjezera, ndiwerenga za kudziletsa."

Munthu wa mphunoyo sanaonekemo n'komwe. Gawolo linayamba ndi kakhwalala kena kakufupi ndi mtsinje, ndi mayi wina wogulitsa nsomba zowamba, wosenza dengu pamutu. Keziah anamwetulira pang'ono, poti amayi otero ku Bermondsey ndi ambiri. Kenako Mayi Pegler anawerenga kuti dzanja lamanzere la mayiyo linali ndi zala zitatu, ziwirizo zinatsala m'makina opotera zingwe. Keziah anasiya kumwetulira. Anawerenganso kuti m'mawa uliwonse mayiyo ankagwada n'kukwecha mwala wa pakhomo pake mpaka kuyera kuti mbee, ngakhale kakhwalala konseko kanali matope ndi zonyansa, poti ankati wosauka chimene ali nacho ndi khomo lake.

Keziah anadzutsa mutu. Anayang'ana anzake, koma onse anali atazyolika pa zosoka zawo.

Mwana wa mayiyo dzina lake anali Letty, wa tsitsi lofiira. Keziah tsitsi lake linali lakuda, ndipo anagwiritsa kamfundo kameneko ngati munthu womira. Koma Letty anapita kukagwira ntchito m'nyumba ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mwana wa bwana anamulowera m'chipinda cha malasha. Mayi wa panyumbapo anamuthamangitsa mvula ikugwa, osamulola ngakhale kutenga nsapato zake za Lamulungu. Zimene Letty anachita kuti adye miyezi yotsatirayo, bukulo linazinena mozungulira, koma m'chipinda chosokeramo munalibe wofuna kumasuliridwa. Ndipo mwezi uliwonse Letty ankalembera amayi ake kalata yonama, kuti ali ku Margate, m'mbali mwa nyanja imene anali asanaionepo.

"Nyanja ndi yaikulu, amayi," anawerenga Mayi Pegler, "koma fungo lake silifika pa dengu lanu."

Atsikana anaseka, ena akupukuta misozi. Keziah sanamvenso kanthu. Mawu amenewo anawalemba yekha, atakhala pamasitepe a tchalitchi china, pa pepala lopemphetsa. Amayi ake sankadziwa kuwerenga, choncho makalata onse ankawawerengera Bambo Noakes, wosoka nsapato wa pakona, ndipo Bambo Noakes sankadziwa kuwerenga chamumtima. Nthabwala ya denguyo kakhwalala konse kanaimva, ndipo mng'ono wake anamuuza nthawi ina kuti anthu ankawaseka nayo amayi mpaka Khrisimasi, iwo n'kumanyadira.

"Letty ameneyu ndi chitsiru," anatero Rhoda akufwenthera. "Ine mwana wa bwanayo ndikanamuphwanya nayo fosholo ya malasha. Iwe Keziah, taona zimene wachita. Wasokera malaya ku epuloni yako."

Zinalidi choncho. Mzere wonse, kuyambira paphewa mpaka pamkono, unali utalumikizana ndi epuloni yake. Mayi Pegler anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wadwala, mwana iwe? Watuwatu."

"Ayi, mayi. Mutu chabe."

Chimene chinkamuimitsa mutu ndi ichi. Lolemba loyamba la mwezi, anthu a m'kakhwalala kakwawo ankasonkha kobiri kobiri, n'kudzazana m'shopu ya Bambo Noakes, ena pamabenchi ena pamilu ya zikopa, kumvetsera gawo la buku la Bambo Garland. Amayi ake malo awo anali pafupi ndi chitofu, ndipo sankajomba. Chiyembekezo cha Keziah chinali chimodzi: anthu akwawo sankagula kabuku katsopano. Ankadikira kowerengedwa kale, kotsika mtengo, choncho nthawi zonse ankatsalira mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati zinali chonchobe, nthawi inalipo. Bambo Garland akanatha kupita kwa Noakes, kumunyengerera kapena kumuopseza, bola gawo lachitatu lisawerengedwe m'shopu imene ija.

Anadikira masiku anayi osauza munthu. Ankadya osamva kukoma, ankapemphera osamva mawu ake. Rhoda anamufunsa kawiri chimene chamuluma, kachitatu anangomusiyira theka la buledi wake pambale.

Lachiwiri ndilo linali tsiku limene akuluakulu ankabwera. Ngolo ya Dona Ashcombe inaima pageti dzuwa lili pamutu, ngati lija la ku London tingalitche dzuwa. Atsikana atatu oyembekezera chombo anaitanidwa mmodzimmodzi m'kachipinda kakutsogolo. Keziah ankayembekeza kupeza Bambo Garland okha, koma anapeza Adona atakhala pawindo, wamtali, woonda, atavala zakuda, kapu ya tiyi ili m'manja. Bambo Garland anali chiimire pafupi ndi moto, atavala chibandi chawo, kajekete kopanda manja ka maluwa ofiira, nkhope ili ngwee.

"Uyu ndiye Keziah wathu, Adona," anatero. "Chaka chathunthu osatilakwira kanthu. Buledi wake ndimachita kubera kupita naye kunyumba."

"Ndamva zabwino zokhazokha za iwe, mwana wanga," anatero Adona. "Pali chimene ukusowa ulendo usanafike?"

"Ndimafuna kulankhula ndi abwana paokha."

"Nyumba ino ndi yanga, mwanawe. Palibe chimene ungawauze iwo choti ine sindingamve."

Keziah anayang'ana kabati imene munali buku lakuda lija. Ankadziwa kuti akatsegula pakamwa pamaso pa Adona waphwanya lamulo, ndipo chombo chikhoza kumusiya. Komabe ananena.

"Bwana, Letty uja ndine."

Kapu ya Adona inaima m'malere. Bambo Garland anaphethira kangapo, ndipo chimene chinamudabwitsa Keziah ndi chakuti anaoneka odabwadi, osati mwachiphamaso.

"Letty? Ayi, mwana wanga, Letty ndi wopeka. Muli pang'ono za uyu, pang'ono za uyo. Dzina ndi lina, tsitsi ndi lina, tauni ndi ina."

"Zala za amayi anga simunasinthe, bwana. Khomo simunasinthe. Za dengu zija ndinakuuzani muno, mutakhala apo, munaseka mpaka kugwetsa cholembera."

Adona anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Bambo Garland, zimenezi n'zoona? Mwatenga za m'buku lija?"

"Sindinalitsegule n'komwe, Adona. Ndikulumbira. Zinthuzi zimangotsala m'mutu, ndipo ndikakhala pansi kulemba zimabwera zokha, sindifunsa kuti zachokera kuti."

"Ine ndinalira ndi gawo limene lija," anatero Adona. "Ndinawerengera alendo anga patebulo. Mkazi wa bishopu anapempha kuti ndibwereze pa kalata paja." Anamuyang'ana Keziah ngati akumuona koyamba, kenako anayang'ana pansi, makutu atafiira.

Keziah analibe nazo ntchito za mkazi wa bishopu. Anafotokoza mofulumira za Bambo Noakes, za Lolemba loyamba, za malo a amayi ake pafupi ndi chitofu. Anati anthu akwawo amatsalira m'mbuyo, mwina pano ali pa gawo loyamba. Anati sakupempha kuti bukulo lisiye kugulitsidwa, poti iye ndi ndani, koma kuti kabuku kamodzi kokha kasafike m'shopu imodzi yokha.

Akulankhula choncho anaona nkhope ya Bambo Garland ikusintha. Atatchula dzina la Noakes kachiwiri, bambowo anakoka mpando n'kukhala.

"Keziah," anatero, "kwanu ndinapitako. Lachinayi lapitali."

"Kwathu? Kukatani?"

Anayankha ndi Adona, motsitsa mawu. "Ndinawatuma ndine. Ndinaganiza kuti si bwino mwana awoloke nyanja popanda mdalitso wa makolo ake. Ndinati ayendere mabanja a atatu nonsenu, adzakuuzeni lero, musangalale."

Mwaona mmene anthu abwino amapwetekera anzawo. Palibe mwa awiriwo amene anaganiza zomufunsa mwini wake. Bambo Garland lonjezo lawo sanaliiwale ayi, koma ankakhulupirira lilime lawo, kuti akakhala ndi mayi aliyense kwa ola limodzi atuluka atamufewetsa. M'mabuku mwawo zinkatheka nthawi zonse.

"Sindinapite kukaulula," anapitiriza. "Ndimafuna kunena kuti wapeza mwayi wa ntchito kutsidya, basi. Koma nditangolowa m'kakhwalalamo, wosoka nsapato uja anandizindikira. Anatuluka ndi nyundo m'manja, kundigwira chanza, kuitana anthu. Akuti bukuli lawakomera moti mwezi uno sanapirire, anasonkha n'kugula latsopano."

"Anawerenga."

"Lolemba lake lomwelo."

"Amayi analipo?"

"Analipo. Noakes akuti atafika pa dengu paja anasiya kuwerenga yekha. Akuti m'shopu monse munangoti zii, ndipo anthu onse anatembenukira kuchitofu."

Keziah anaona shopuyo ngati ali momwemo: fungo la zikopa, nyali yapakhoma, nkhope zonse zimene anakula akuziona, ndi amayi ake pakati pawo, dzanja la zala zitatu lili pabondo. Sanalire. Manyazi amene anamugwira anali a amayi akewo, osati ake, ndipo anali olemera kuposa onse amene anawasenzapo mumsewu.

"Munalankhula nawo?"

"Pakhomo. Sanandilowetse."

"Anati chiyani?"

"Mwana wanga, anthu akapsa mtima amanena zambiri. Tiyeni tidikire, ndidzapitanso."

"Anati chiyani, bwana?"

"Muuzeni," anatero Adona. "Mwamulanda zokwanira. Izi ndi zake."

Bambo Garland anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kabuku kakang'ono ka chikuto chachikopa. Keziah anakayang'ana, osamvetsa. Kenako anamvetsa. Bambowa anachoka pakhomo pa amayi ake, n'kukaima pakona, n'kulemba.

Anayamba kuwerenga ndi mawu awo a masiku onse. Koma munthuyu ankadzaza maholo akamawerenga mabuku ake, ankatha kusanduka nkhalamba, mwana, woledzera, osasintha chovala. Mzere wachiwiri usanathe, khosi linali litalowa m'mapewa, mawu atasasa, ndipo m'kachipindamo munalankhula Mayi Tulk a ku Bermondsey, ndi kakhosomo kawo komwe ka pakati pa mawu.

"Mwasochera, bwana. Keziah wanga anamwalira ku Brighton, chifuwa. Ndinawauza anthu onse Lolemba, ndinaimirira pamaso pawo, ndinati kalata inabwera kalekale, ndinangoibisa. Muwafunse. Ndili ndi ena awiri m'nyumbamu ofuna ntchito m'makomo mwa anthu, ndiye ndani angalembe ntchito azing'ono ake a Letty? Inu mwalemba zanu, nanenso ndanena zanga. Chotsani phazi pamwalapo, ndangokwecha kumene."

"Bambo Garland, siyani mawuwo," anatero Adona, atagwira pakamwa.

Bambowo anadzidzimuka ngati munthu wodzutsidwa. Sanadziwe n'komwe kuti asintha mawu.

"Ayi," anatero Keziah. "Pitirizani choncho. Zatha?"

"Patsala pang'ono. Ndinali nditatembenuka kale, ndiye anandiitana." Anayang'ana papepala, ndipo mawu aja anabweranso, otsika tsopano. "Amene muli nayeyo, ngati akukweradi chombo, mumuuze azikulunga pakhosi. Mphepo ikamuomba amatsokomola mpaka Pasaka. Koma asalembe. Makalata amawerenga ndi Noakes."

Kunja kunkamveka atsikana akuyanika zovala, Rhoda akukalipira wina za zopanira. Keziah anaima chilili, manja ali m'mbali. Zaka zinayi anali asanamve mawu a amayi ake, ndipo anadziwa kuti sadzawamvanso. Anali atawamva komaliza kuchokera m'kamwa mwa bambo wovala chibandi cha maluwa.

Adona anayamba kunena kuti lamulo la zakale silimukhudza pa nkhani iyi, kuti malo ake m'chombo alipobe, kuti apita okha ku Bermondsey ngati zingathandize.

"Musapiteko, Adona, chonde. Ngolo yanu ikangoima m'kakhwalala muja ndiye kuti amayi anama." Anatembenukira kwa Bambo Garland n'kutambasula dzanja. "Ndipatseni pepalalo, bwana."

Bambo Garland anazengereza. Kanali kanthawi kochepa kwambiri, koti munthu sangamalize kupuma, koma maso awo anathamanga pa mizereyo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Keziah anaona. Adona anaonanso, ndipo anatembenuzira nkhope kuwindo.

"Izi zilowa m'gawo lachisanu, eti?" anatero Keziah.

"Ayi, mwana wanga. Sindingachite zimenezo."

"Ng'ambani, bwana. Simutaya kanthu. Mwaloweza kale, ndamva ndekha."

Bambo Garland anang'amba pepalalo mosamala, motsatira ulusi, n'kumupatsa. Keziah analipinda kanayi, analilowetsa m'khosi mwa diresi lake, anapinda bondo pamaso pa Adona monga anaphunzitsidwira, ndipo anatuluka kukauza mtsikana wachitatu kuti akumuitana.